Masamu ofufuza nsonga anayamba bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa masamu kuno ku Tsangano. Mphwanga amene ali ku yunivesite sakhala osatchula za triangulated category ndi singularity category. Kodi zimenezi zinayamba ndi yani, nanga n'zantchito yanji? — Mphunzitsi, Tsangano

YANKHO: Aphunzitsi, taganizani za denga la nkhokwe, longa omwe mumaona m'midzi ya ku Macanga popita ku Furancungo. M'mbali monse latsetsereka bwinobwino, koma pamwamba mbali zonse zakumana pansonga imodzi. Pamalo otere, omwe akatswiri amati singularity, njira zozolowereka zoyezera kupendekeka zimakanika. Masamu mwafunsawa amathandiza kumvetsa malo amenewo.

Gwero lake ndi Henri Poincaré wa ku France, yemwe mu 1895 anapeza njira yowerengera mabowo a chinthu. Ena anaisandutsa aljebra, ndipo mu 1956 Henri Cartan ndi Samuel Eilenberg anatulutsa buku la Homological Algebra.

Alexander Grothendieck ataona kuti zida zimenezi zikuperewera, anapatsa ntchitoyo wophunzira wake Jean-Louis Verdier. Cha mu 1963 Verdier anakhazikitsa malamulo a triangulated category, omwe amanena za zinthu zitatuzitatu zolumikizidwa ndi mivi: muvi umachoka pa choyamba kupita pa chachiwiri, wina kuchoka apo kupita pa chachitatu, wina n'kubwerera pa choyamba chitasunthidwa sitepe imodzi. Mukadziwa ziwiri ndi muvi wapakati pake, chachitatu chimadziwika. Dieter Puppe wa ku Germany anali atafikanso pa malamulo ofanana nawo mu 1962.

Singularity category inabwera pambuyo. Ragnar-Olaf Buchweitz anailongosola mu 1986, ndipo Dmitri Orlov wa ku Moscow anaidzutsanso mu 2004, n'kuilumikiza ndi fizikisi. Nzeru yake n'njokoma: mumataya zonse zomwe zingamangidwe ndi zidutswa zosavuta pa masitepe owerengeka. Ngati chinthu chomwe mukufufuza n'chosalala ponseponse, sipatsala kanthu. Chikakhala ndi nsonga, zotsalazo ndizo zimakuuzani mtundu wa nsongayo.

Chogwira mtima n'chakuti zolemba za Verdier za 1967 zinasindikizidwa zonse mu 1996, mwini wake atamwalira mu 1989. Za Buchweitz zinakhala buku mu 2021, iye atamwalira mu 2017. Zaka zonsezo akatswiri ankapatsana makope a mapepalawo. Mphwanuyo mumulimbikitse, chifukwa m'masamu amenewa mafunso osayankhidwa akadali ambiri.