Kuchokera ku Bangwe Kufika ku Chinde

Mvula ikagwa pa phiri la Bangwe, madzi ake sakhala pomwepo. Amatsika m'makwawa nalowa m'mitsinje, ndipo mitsinjeyo ithira mu Shire. Shire athira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, Zambezi nathira m'nyanja yamchere ya India. Kumathiriro kwakeko mtsinjewu ugawikana panjira zambiri, ndipo pakati pa njirazo pali madambo aakulu okhalamo njati, mbalame ndi nsomba.

Imodzi mwa njirazo ndiyo Chinde. M'chaka cha 1889 Daniel Rankin anaona kuti sitima zingathe kulowera pamenepo. Mu 1891 Apwitikizi anabwereka Angelezi malo pa Chinde, ndipo katundu wobwera ku Blantyre ankadzera pa doko limenelo. Koma madzi anali kudya gombe chaka ndi chaka. Mu 1922 namondwe anaononga dokolo, ndipo njanji ya ku Beira inatenga ntchito yake.

Pambuyo pake anthu anatseka Zambezi ndi madamu awiri aakulu: Kariba mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974. Magetsi anapezeka ndithu, koma madzi osefukira, amene kale ankanyowetsa madambo ndi kusiya dothi lachonde, anachepa. Madambo ena anauma, nsomba nazonso zinachepa. Pofuna kupulumutsa otsalawo, mu 2004 boma la Mozambique linalembetsa madambo a Marromeu m'pangano la Ramsar, limene maiko anapangana mu 1971 kuti asunge madambo. Malawi nayenso analembetsa dambo la Elephant Marsh, m'chigwa cha Shire, mu 2017.

Tsono mtsinje sungachire kumathiriro kokha, gwero lake likudwala. Kale phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, koma m'zaka za m'ma 1990 mitengo inatha ndi nkhwangwa. Phiri likakhala lopanda mitengo, dothi likokoloka, ndipo matope ake akadzaza mu Shire, navutitsa opanga magetsi pa Nkula. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche, ndipo anthu ambiri a ku Chilobwe anafa.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chifukwa chake, inu owerenga, mukabzala mtengo pa Bangwe, mukalima mizere yopingasa, kapena mukaleka kutaya zinyalala mumtsinje, mwateteza nyumba yanu, ndiponso mwathandiza msodzi wa ku Chinde amene simudzamuona.