Milu ya Migodi m'Zithunzi za ku East Rand

Dera la East Rand ku South Africa, lomwe kuyambira mu 2000 lili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni, ndi lathyathyathya ndipo lilibe mapiri enieni, kotero kuti anthu ojambula malo pongosangalala akhala akudalira milu ikuluikulu ya dothi lachikasu lotsala poyenga golide, yomwe inakula mozungulira Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886. Popeza mzere umene dziko limaoneka ngati likukumana ndi thambo ndi wowongoka kwambiri kumeneko, wojambula amautsitsa m'munsi mwa chithunzi kuti mitambo ya dzinja itenge malo aakulu, kapena amaukweza kuti mulu uonekerenso m'madzi a m'madamu a ku Benoni.

Komabe kusankha malire a chithunzi, kutanthauza zolowa ndi zotsala kunja, kunali nkhani yaikulu kuposa kukongola, chifukwa kusuntha kamera pang'ono kunkakwanira kubisa makomboni mmene munkagona anthu okumba golideyo, kuphatikizapo Amalawi amene ankalembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela mpaka boma la Kamuzu Banda litaimitsa kulembako mu 1974. David Goldblatt, amene kujambula kunali ntchito yake, anaonetsa makomboniwo ndi antchitowo m'buku la On the Mines la 1973, limene anatulutsa ndi Nadine Gordimer, mlembi wobadwira ku Springs.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kampani ya Ergo inayamba kugumula miluyo pofuna golide wotsalira, ndipo zithunzi zakale zinasanduka umboni wa mmene matauniwa ankaonekera.