Phiri la Chongoni, mbalame zake ndi minda yathu

Pokondwerera zaka 10 za kopaletive yathu, tiyeni titembenukire kuphiri lomwe limatimwetsa madzi. Boma la atsamunda linapatula Chongoni kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1924. Pambuyo pake mbali zina anadzalamo paini, ndipo sukulu ya zankhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife ili momwemu. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pamndandanda wa chuma cha dziko lonse kaamba ka malo 127 a zojambula zapamiyala, za Akafula ndi za makolo athu Achewa. Limodzi mwa mapangawo limatchedwa Namzeze, dzina la mbalame.

Kale nkhalango ya mombo, mchenga ndi msuku inkatsetsereka mpaka kumidzi. Nkhwali ndi nkhanga zinkaikira m'maudzu, nkhulukulu nkumadya nkhuyu m'mbali mwa mitsinje. Anthu atachuluka, minda inakwera mtunda. Kuyambira cha m'ma 1986, abale athu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza Dedza, ndipo nkhuni ndi milimo zinkachokera m'nkhalango zomwezi. Kenaka panabwera makala, komanso madimba a kachewere ofika mpaka m'mphepete mwa madzi.

Nyengo nayo yasintha. Tonse tikukumbukira ng'amba ya 1992, ya 2016 ndi ya 2024. Mbalame zambiri zimaswa mvula ikayandikira, nthawi yomwe tizilombo todyetsa ana timachuluka. Mvula ikachedwa, anawo amafa ndi njala. Kukatentha, mbalame zokonda kozizira zimakwera pamwamba, komatu phiri lili ndi pothera. Ngakhale la Dedza limathera pa mamita 2,198. Moto wosakira mbewa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza zisa ndi mitengo yophukira.

Mwina wina afunsa: zikutikhudza bwanji ife alimi? Kadzidzi amadya makoswe. Anamzeze amadya tizilombo touluka. Mbalame zodya zipatso ndizo zimafesa nkhuyu ndi katope, mitengo yosunga akasupe othirira madimba athu ndi kudyetsa mtsinje wa Linthipe. Mbalame zikatha, nkhalango imavutika kudzibwezeretsa.

Lamulo la zankhalango la 1997 linapatsa midzi mphamvu yosamala nkhalango zawo kudzera m'makomiti. M'zaka 10 zikubwerazi, tiyeni tilambule njira zotchinga moto udzu usanaumitse, tisiye mizu ya mitengo iphukire m'minda, tisalime mpaka kumadzi, ndipo ana tiwauze kuti legeni si ya pachisa.