Mankhwala Ochepetsa Kolesitolo: Mmene Anapezekera

Ngati adokotala anakulemberani simvastatin kapena atorvastatin, ndiye kuti mukumwa mankhwala a gulu la ma statin, amene gwero lake ndi chuku.

Kolesitolo ndi mtundu wa mafuta ofunika m'thupi, koma akachuluka m'magazi amaunjikana m'mitsempha, njira ya magazi n'kupanikizika, mapeto ake matenda a mtima kapena sitiroko. Zimenezi zinaonekera kale mu 1913, pamene Nikolai Anichkov wa ku St Petersburg anadyetsa akalulu kolesitolo, mitsempha yawo n'kuwonongeka. Chovuta n'chakuti kolesitolo wambiri sachokera m'mbale; thupi limadzipangira lokha, makamaka m'chiwindi. Kwa anthu ena, kusala zonona kokha sikukwanira.

Amene anapeza njira ndi Akira Endo, wofufuza wa kampani ya Sankyo ku Tokyo. Podziwa kuti penisilini anachokera m'chuku, iye anaganiza kuti mwina pali chuku china chimene chimadziteteza poletsa tizilombo kupanga mafuta otere. Kuyambira mu 1971, iye ndi anzake anayesa mitundu ya chuku pafupifupi 6,000, ndipo mu 1973 anapeza mankhwala otchedwa compactin m'chuku chomera pa mpunga wochokera ku Kyoto. Mankhwalawo amatsekereza enzaimu imene chiwindi chimagwiritsa ntchito popanga kolesitolo. Atawayesa pa makoswe sanaphule kanthu, moti ntchitoyo inatsala pang'ono kuthera pomwepo. Chinaipulumutsa ndi nkhuku zoikira mazira: kolesitolo wa m'magazi mwawo anatsika kwambiri. Agalu ndi anyani nawonso chimodzimodzi.

Komabe compactin sanafike pamsika. Sankyo inaimitsa kafukufuku wake mu 1980, ndipo statin woyamba kuvomerezedwa ku America anali lovastatin wa kampani ya Merck, mu 1987. Madokotala ambiri ankakayikabe mpaka mu 1994, pamene kafukufuku wa odwala mtima 4,444 ku Scandinavia anasonyeza kuti simvastatin anachepetsa imfa ndi 30 peresenti.

Dziwani kuti mankhwalawa sachotseratu vutolo. Amagwira ntchito pokhapokha mukuwamwa, ndipo mukasiya kolesitolo amakweranso, ngakhale inu simungamve chilichonse m'thupi. Minofu ikayamba kupweteka, kapena ngati ndinu oyembekezera, kauzeni adokotala msanga. Auzeninso ngati mukumwa ma ARV, chifukwa ena mwa iwo sagwirizana ndi simvastatin.