Kapepala kamene kanabedwa ku Brussels

Inu amene mumaphunzitsa akuluakulu kulemba mudziwa bwino kuti dzanja la munthu silibisika. Mukatolera makope, ngakhale mai wina aiwale kulemba dzina, mumangoona mapindidwe a zilembo n'kunena kuti ili ndi la amai uje. Mumadziwanso msanga ngati mdzukulu wa kusukulu ndiye wawalembera agogo ake. Nkhani yathu yaima pa nzeru yomweyi, koma icokera kutali, ku Austria, ndipo ikhudza mtundu wina wa mabuku wochedwa facsimile.

Liu limeneli ndi la Cilatini, kumasulira kwake ndi "panga cofanana". Buku wamba losindikizidwa limatenga mau a wolemba n'kuwaika m'zilembo zoongoka za makina. Facsimile ai. Amajambula tsamba lililonse la mwini wake monga liliri: kukula kwake, mtundu wa inki, pamene anafafaniza, pamene inki inadontha, ngakhale pamene pepala linang'ambika.

Wolfgang Amadeus Mozart anabadwira ku Salzburg mu 1756. Mu 1791, ali ku Vienna, anabwera mthenga wosachula amene wamtuma, n'kupempha nyimbo za Misa ya maliro, imene pa Cilatini amati Requiem. Wotumayo anali mfumu yolemera, Franz von Walsegg, amene mkazi wake Anna anali atamwalira mu Febuluwale caka comweco. Bamboyu anali ndi khalidwe logula nyimbo kwa akatswiri, kuzikopera ndi dzanja lake, n'kumaonetsa anthu ngati wapeka ndiye. Mozart analandira cikole n'kuyamba nchito, koma anadwala, ndipo anamwalira pa 5 Disembala 1791 ali ndi zaka 35, Misa isanathe.

Tsono wamasiye, Constanze, anatsala ndi ana awiri ndi ngongole. Ndalama zotsala sakanazilandira pa nyimbo yosatha. Anapereka mapepala kwa Joseph Eybler, amene anayamba kudzaza mizere yopanda kanthu pa masamba enieni a malemuyo, koma anaisiya panjira. Kenaka anaitenga Franz Xaver Süssmayr, mnyamata amene ankathandiza Mozart, n'kuimaliza. Dzanja lake linali lofanana kwambiri ndi la Mozart. Pa tsamba loyamba anasainapo dzina la Mozart, n'kulembapo caka ca 1792. Taonani pamenepo: munthu woikidwa m'manda mu 1791 kusaina mu 1792! Walsegg analandira Misa yake, ndipo mu Disembala 1793 anaitsogolera yekha ku Wiener Neustadt ngati yake.

Mu 1800 a Breitkopf & Härtel a ku Leipzig anaisindikiza m'dzina la Mozart. Apa ndipo pali fundo yathu. M'buku losindikizidwa zilembo zonse ndi zofanana, ndiye woimba sangadziwe pamene Mozart analekezera ndi pamene ena anayambira. Mu 1825 mlembi wina, Gottfried Weber, anadzutsa mkangano waukulu pokaika ngati Misayo inalidi ya Mozart. Mlanduwo sukanatha ndi pakamwa. Unafuna mapepala. Masambawo, amene anali atamwazikana m'manja mwa anthu, anafika pang'onopang'ono m'nyumba ya mabuku ya mafumu ku Vienna m'zaka za m'ma 1830, ndipo alipo mpaka lero m'nyumba ya mabuku ya dziko la Austria.

Kodi masambawo amaonetsa ciani? Gawo lotsegulira lokha ndilo Mozart analimaliza lonse. M'magawo ambiri otsatira analemba mau anai a kwaya ndi mzere wa besi ya zoimbira, n'kuikapo apa ndi apo kacizindikiro ka zeze kapena lipenga, malo ena n'kusiya mizere yoyera. Mu gawo la Lacrimosa, lonena za tsiku la misozi, dzanja lake likuima pambuyo pa timagawo 8 tokha. Za Sanctus, Benedictus ndi Agnus Dei palibe tsamba lake ngakhale limodzi, ndipo Süssmayr, m'kalata yake ya mu 1800 kwa osindikiza aja, ananena kuti magawo amenewa anapeka ndiye. Ife tiona kuti anthu amamnyoza mopitirira mnyamatayu. Kusaina dzina la mwini kunali kulakwa, inde, koma popanda iye Misayo ikanangokhala mtolo wa mapepala m'bokosi.

Koma ndi angati akanatha kupita ku Vienna kukaona okha? Ndi cifukwa cake mu 1913 Alfred Schnerich anatulutsa buku la zithunzi za masamba a Mozart, kuti wophunzira wa ku dziko lina aone ndi maso ake, asamangomva zonena ena.

Phindu lina la bukulo linadzaoneka patapita zaka 45. Mu 1958 kunali cionetsero ca maiko onse ku Brussels, m'dziko la Belgium, ndipo a ku Austria anatumizako mapepala a Requiem kuti anthu akaone. Munthu wina anapeza mpata n'kung'amba ngodya ya m'munsi, kudzanja lamanja, pa tsamba lina la kumapeto. Pa kangodyako panali timau towerengeka touza oimba kuti abwereze gawo limene aimba kale. Akatswiri ambiri amaganiza kuti amenewa angakhale mau omaliza amene Mozart analemba asanafe, ndipo mwina wakubayo ankadziwa zimenezi. Sanagwidwe, ndipo kapepalako sikanapezeke. Lero amene afuna kuona kangodyako ndi timau take ayenera kuyang'ana zithunzi zojambulidwa caka ca 1958 cisanafike. Cithunzi casunga cimene pepala lenileni lilibenso.

Ife kuno sitifunika kuuzidwa kuti pepala limatha. Ciswe, denga lodontha ndi nkhondo imene inatha mu 1992 tizidziwa. Pamene mukopera buku lakale la ubatizo kapena kope la nyimbo la katekista amene anatisiya, kukopera ndi dzanja kumapulumutsa mau, koma wokoperayo amakonza zimene ayesa zolakwa, ndipo dzanja la mwini limatayika. Fotokope kapena cithunzi ca foni cimasunga zonse, ndi zofafaniza zomwe.

Wakuba si mdani yekhayo. Inki ya kale ku Ulaya ankaipanga ndi mcere wa citsulo ndi timatuza ta pa mitengo, ndipo pakapita zaka imadya pepala. Misa yaikulu ya Johann Sebastian Bach, imene isungidwa ku Berlin, inaonongeka motero, mwakuti malo ena amawerengeka bwino m'zithunzi za mu 1924 kuposa pa tsamba lenileni. Komanso cithunzi cili ndi malire. Mwana wake, Carl Philipp Emanuel, analembamo zake m'masambawo, ndipo kuti asiyanitse inki ya bambo ndi ya mwana akatswiri anayenera kuyeza pepala lenilenilo ndi makina a X-ray.

Requiem inajambulidwanso mu 1990, ndi mitundu yake yonse, motsogozedwa ndi Günter Brosche wa ku nyumba ya mabuku ija, patatsala caka cimodzi kuti zikwane zaka 200 Mozart atamwalira. M'buku limenelo tsamba lija likuoneka monga linabwerera kucokera ku Brussels, lopanda ngodya.