Kabala kakang'ono nakonso kamachita mafinya

Anzanga ambiri akamva za opaleshoni yoboola timabowo pamimba, yomwe madokotala amati laparoscopy, amaona ngati mavuto a mabala anatha. Ine sindikugwirizana nawo. Ndimaphunzira mbiri, osati udokotala, koma mbiriyo ndi imene ikundichititsa kunena kuti kuchepa kwa bala sikuchepetsa ntchito yolisamalira, makamaka kwathu ku Kasungu kumene anthu amadya thukuta la fodya.

Tiyambire ku Scotland, dziko limene linatumiza madokotala oyamba a mishoni kuno. Kalelo anthu ambiri ankapulumuka pa opaleshoni koma n'kudzafa ndi bala lomwe latukusira. Mu 1865, Joseph Lister wa ku Glasgow anayamba kutsuka mabala ndi mankhwala a carbolic acid pofuna kupha tizilombo, ndipo mu 1867 analemba zotsatira zake mu magazini ya The Lancet. Patangopita zaka zochepa, mu 1876, Dr Robert Laws anachita opaleshoni ku Cape Maclear atagoneka wodwala ndi chloroform. Mu 1900 mishoni yomweyo ya Livingstonia inatsegula siteshoni ku Kasungu pansi pa Dr George Prentice. Choncho mpeni wa dokotala unafika kuno m'nthawi imene phunziro la ukhondo linali litadziwika kale.

Njira ya timabowo inabwera mochedwa kwambiri. Kurt Semm wa ku Germany anachotsa apendikisi mwa njirayi mu 1980, ndipo Erich Mühe anachotsa ndulu mu 1985. Dokotala amapopera mpweya m'mimba, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zazitali kudzera m'timabowo ta sentimita imodzi kapena kucheperapo. Ubwino wake ndi woona: ululu umachepa, wodwala amatuluka msanga, ndipo mabala otere satukusira kawirikawiri ngati bala lalikulu.

Komabe, timabowo tili ndi mavuto ake. Kabowo kamatha kutuluka magazi kapena kuchita mafinya. Ngati mnofu wolimba wamkati sunasokedwe bwino, makamaka pamchombo, matumbo amatha kudzasuzumira pamenepo n'kupanga chotupa chomwe amati hernia.

Chimene chinandidzidzimutsa powerenga ndi zomwe zinachitika ku Brazil. Pakati pa 2006 ndi 2007, m'chigawo cha Rio de Janeiro, odwala oposa 1,000 m'zipatala 63 anaganiziridwa kuti atenga kachilombo ka Mycobacterium massiliense, kachibale ka kachilombo ka TB, ndipo ambiri mwa iwo anali atachitidwa opaleshoni ya timabowo. Zipangizo zinkanyikidwa m'mankhwala a glutaraldehyde, koma kachilomboka kanapezeka kuti sikafa nawo. Matenda otere amaonekera patapita masabata, samva mankhwala wamba, ndipo amatenga miyezi kuti apole. Apatu panali patadutsa zaka 140 chilembereni Lister, zipangizo zili zamakono, koma vuto lili lomwe lija.

Tsopano taganizirani za mlimi wa fodya wa kwa Santhe kapena kwa Wimbe. Mayi kapena bambo ameneyu akatumizidwa ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, n'kuchitidwa opaleshoni ya timabowo, amabwerera kumudzi ali ndi tizipsera tosaoneka bwino n'komwe. Achibale amati wachira. Fodya naye sadikira munthu: wothyola athyoledwe, wam'chigafa asankhidwe, mabelo adindidwe kuti akafike kumsika wa Chinkhoma. Belo limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Wabala lalikulu aliyense amamuuza kuti, “Pumulani kaye, bambo.” Wakabala kakang'ono ndani angamuletse kunyamula? Ndipo kabowo kakadzatupa patatha mwezi, ndalama yobwererera kwa amene anamuchita opaleshoni aitenga kuti, fodya asanagulitsidwe?

Sindikunena kuti njirayi tiikane. Yayamba kupezeka m'zipatala zina zikuluzikulu za m'mizinda yathu, ndipo mlimi ndi amene angapindule nayo koposa, chifukwa tsiku lililonse logona m'chipatala ndi tsiku lotayika kumunda. Chimene ndikunena n'chakuti pokonza bajeti tisamangowerengera kamera ndi sikirini. Tiwerengerenso makina ophera tizilombo pazipangizo, magetsi ndi madzi oyera oyendetsera makinawo, komanso malipiro a anthu otsuka zipangizo amene sitiwatchula pamwambo wolandira mphatso.

Tiwerengerenso maphunziro a anamwino ndi ma clinical officer a m'zipatala za m'maboma. Dziko lino linatsegula sukulu yake ya udokotala, College of Medicine, mu 1991, ndipo mpaka lero opaleshoni zambiri za m'maboma zimachitidwa ndi ma clinical officer. Iwowa ndi amene adzakhale oyamba kuona kabowo kotupa. Ayenera kudziwa kuti kabala kosamva mankhwala wamba kakufunika kupimidwa, ndipo wodwala aliyense azituluka atauzidwa m'Chichewa chomveka nthawi yoyambira kunyamula katundu ndi zizindikiro zoti athamangire nazo kuchipatala.