Mbiri ya Magazi Amene Kale Ankatayidwa

Mayi akasinja chimanga sataya madeya, pakuti amadziŵa kuti nkhuku ndi nkhumba zidzanenepa nawo. Nzeru yomweyi idafika mochedwa m'nyumba zosungira magazi, ndipo lero timva mmene idafikira.

M'magazi a munthu muli tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa mapulateleti. Munthu akadzicheka, timathamangira pabalapo ndi kugwirana kuti magazi aleke kutuluka. Amene adalongosola ntchito imeneyi ndi dokotala wa ku Italy, Giulio Bizzozero, m'chaka cha 1882. Mu 1906 James Homer Wright wa ku Boston adaonetsa kuti tizidutswati timanyotsoka ku maselo akuluakulu a m'mafuta a m'mafupa.

Cha m'ma 1960, dokotala wina wa ku America, Emil Freireich, ndi anzake adatsimikiza kuti ana odwala khansa ya m'magazi, amene ankafa ndi kukha magazi, amapulumuka akapatsidwa mapulateleti a munthu wina. Pamenepo zipatala zidayamba kuwafuna kwambiri, koma kusunga kwake kudavuta. Mu 1969 Scott Murphy ndi Frank Gardner adapeza kuti mapulateleti oikidwa m'firiji sakhalitsa m'thupi la wodwala, ndipo kuti ndi bwino kuwasunga pa madigiri 22. Tsoka lake, kufunda kotere kumakondweretsanso tizirombo. N'chifukwa chake thumba la mapulateleti limaloledwa kukhala masiku 5 okha, kwina 7, pamene maselo ofiira amasungika mpaka masiku 42. Masikuwo akakwana, thumba linkangotayidwa, ngakhale kuti munthu adayenda ulendo kukapereka magaziwo mwaufulu.

Zinthu zidayamba kusintha mu 1974, pamene Russell Ross ndi anzake a ku Seattle adazindikira kuti mapulateleti ali ndi ntchito yachiŵiri. M'kati mwake muli timadzi tolimbikitsa maselo kuti aswane ndi kutseka bala. Ndiye kuti tizidutswa timene timaletsa magazi kutuluka ndi tomwenso timaitana mnofu watsopano.

Kuti timvetse phindu la zimenezi, tiyenera kudziŵa vuto lina. Akatswiri ofuna kukonzanso ziwalo zowonongeka amatenga maselo pang'ono m'thupi, nawalera m'mbale zagalasi mpaka atachuluka. Kwa zaka zambiri chakudya cha maseloŵa chidali madzi a m'magazi a ana a ng'ombe osabadwa. Koma matenda a misala ya ng'ombe atadziŵika ku Britain mu 1986, mantha adakula akuti zochokera ku ziŵeto zingapatsire anthu matenda.

Mu 2005 Christelle Doucet ndi anzake a ku France adaonetsa kuti timadzi ta m'mapulateleti a anthu tingaloŵe m'malo mwa madzi a ng'ombe aja. Maselo a m'mafuta a m'mafupa, amene amatha kusanduka fupa kapena chichereŵechereŵe, adaswana bwino ndithu. Kafukufuku wotsatira adasonyeza kuti ngakhale mapulateleti otha masiku amagwira ntchitoyi, chifukwa timadzi take timakhala tidakalimo.

Kakonzedwe kake n'kosavuta kumva. Matumba a anthu ambiri amaphatikizidwa, naumitsidwa ndi chisanu choopsa, kenaka n'kusungunulidwa. Potero mapulateleti amaphulika ndi kukhuthula zam'kati mwake. Makina amapungusa madziwo kuti zinyenyeswa zikhale pansi, ndipo otsalawo amasefedwa. Lero madzi otere amagulitsidwa kwa olera maselo m'maiko ambiri, ndipo madokotala akuwayesanso pa zilonda zosapola msanga ndi pa maso ouma. Komabe asamala kwambiri: mphamvu ya madziŵa imasiyana malinga ndi anthu amene adapereka magazi, ndiponso ayenera kupimidwa kuti mulibe matenda monga edzi ndi a chiŵindi.

Kuno kwathu, kumene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lidakhazikitsidwa mu 2003, chosoŵa chachikulu chikadali magazi enieniwo, a amayi ochira ndi a ana odwala malungo. Thumba lililonse liyenera kufika msanga kwa wodwala. Koma mbiriyi ikutiphunzitsa kuti mphatso ya wopereka magazi ndi yolemera kuposa mmene madokotala akale ankaganizira, pakuti ngakhale yotha masiku ikhoza kulera mnofu wa munthu wina.